IVIG kapena kusefa magazi: wodwala Guillain-Barré alandire chiti?

Matenda a Guillain-Barré amabwera chitetezo cha m'thupi chikasokonekera n'kuyamba kuwononga mitsempha ya mwini wake yemwe, kawirikawiri patangodutsa masiku kapena milungu yochepa munthu atatsegula m'mimba kapena atadwala chifuwa. Dzanzi ndi kufooka zimayambira kumapazi n'kumakwera, ndipo ena zimawafika pachifuwa mpaka kuikidwa pa makina opumira. Chithandizo chotsimikizika chilipo cha mitundu iwiri: kusefa magazi ndi mankhwala otchedwa IVIG.

Posefa magazi, makina amachotsa madzi a m'magazi, momwe muli asilikali a chitetezo cha m'thupi osokonekerawo, n'kubwezeramo madzi ena. Amachita zimenezi kanayi kapena kasanu pa mlungu umodzi kapena iwiri. Pamafunika makinawo, anamwino owadziwa bwino, komanso nthawi zambiri kachubu kakakulu kolowetsa mumtsempha wa pakhosi. Kuthamanga kwa magazi kumatha kutsika mwadzidzidzi, zomwe n'zoopsa kwa wodwala amene matendawa amusokonezera kale kagundidwe ka mtima.

IVIG ndi asilikali otengedwa m'magazi a anthu masauzande ambiri opereka magazi. Amalowa pa dripi: magalamu 0.4 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, tsiku lililonse kwa masiku 5. Munthu wolemera makilogalamu 60 amafunika magalamu 120, ndipo apa mpamene mtengo umapwetekera. Wolandira IVIG mutu umatha kumuwawa, komanso kwa ena magazi amaundana kapena impso zimavutika.

Nanga champhamvu n'chiti? Kafukufuku wa odwala 383 amene anasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya Lancet mu 1997 sanapeze kusiyana kwenikweni, ndipo kupereka IVIG pambuyo posefa sikunawonjezere phindu looneka. Kuyamba ndi IVIG kenako n'kusefa ndiye kutaya mankhwala, chifukwa makina amawakokolola.

Ine ndimakondera IVIG, makamaka kwa ana ndi kwa amene mtima wawo sukukhazikika, popeza ndi yosavuta kupereka ndipo odwala ambiri amaimaliza. Koma kwa munthu wa vuto la impso, kapena amene magazi anamuundanapo, ndi bwino kukambirana ndi dokotala za kusefa.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi kuchedwa. Zonse ziwirizi zimathandiza kwambiri zikayambika m'milungu iwiri yoyambirira, choncho chimene chikupezeka msanga chisadikire chinzake. Ndipo prednisolone musamudalire: amachepetsa kutupa pa matenda ena a mitsempha, koma pa Guillain-Barré sathandiza.