Poizoni Kapena Msampha: Kuteteza Galimoto ku Makoswe

Galimoto ikaima nyengo yonse yozizira, makoswe amalowamo kufuna pofunda, n'kuyamba kutafuna mawaya ndi mipando. Ambiri amathamangira poizoni poti sachedwa kuika. Koma khoswe wodya poizoni amakafera mkati, mwina kuseri kwa dashibodi komwe dzanja silifika, ndipo fungo lake silitha msanga. Mphaka kapena galu akadya khoswe woteroyo, nayenso ali pangozi.

Ine ndimakonda msampha, ngakhale umafuna kuuyendera pafupipafupi. Utchereni pafupi ndi matayala, chifukwa ndi pomwe amakwerera.

Nanga mafuta onunkhira a chomera cha peppermint, omwe ena amati fungo lake limathamangitsa makoswe? Amauluka m'masiku ochepa. Bola kutseka paipi ya utsi ndi waya wotsukira mapoto, koma muuchotse musanalize injini.