Magetsi oyaka okha ku Manchester: mmene atichitira chaka chathunthu

Papita chaka tsopano chiikireni magetsi oyaka okha m'kolido, pamasitepe, m'bafa ndi pakhomo la kumaso kunyumba kwathu kuno ku Manchester. Aona nyengo yozizira ndi yotentha yomwe, ndiye ndingathe kunenapo zoona zake. Zida zake si zambiri: mababu a LED olankhulana kudzera pa Zigbee (njira yolumikizira zida za m'nyumba popanda mawaya), timasensa ta mabatire tomva kuyenda kwa munthu, ndi kakompyuta ka Raspberry Pi kokhala ndi pulogalamu ya Home Assistant, yomwe imalamulira zonsezi. Lamulo lake ndi limodzi: munthu akadutsa babu liyake, koma pokhapokha ngati kwada.

Nkhani yagona pa kudako. Ife okulira kumudzi timadziwa kuti 6 koloko ikamakwana mdima uli pafupi, kaya ndi mwezi wanji. Ku Lilongwe dzuwa limalowa cha m'ma 5:25 madzulo mu Juni, ndipo likachedwa kwambiri mu Januwale limalowa cha m'ma 6:20. Kuno ndi zina. Pa 21 Disembala limatuluka 8 koloko itadutsa kale n'kulowa 4 koloko isanakwane, pamene mu Juni limatuluka 5 koloko isanakwane n'kukalowa cha m'ma 9:40 usiku. Onjezaninso kuti Lamlungu lomaliza la Malichi mawotchi amapita kutsogolo ndi ola limodzi, ndipo Lamlungu lomaliza la Okutobala amabwerera. Magetsi oti aziyaka pa nthawi yoikika bwenzi tikungowasintha sabata ndi sabata. Pulogalamuyi ukaiuza komwe nyumba ili, imawerengera yokha nthawi ya dzuwa tsiku lililonse, ndipo pamenepa sindinagwirepo dzanja ngakhale mawotchi atasintha. Mbali iyi yokha ndilibe nayo dandaulo.

Koma kulowa kwa dzuwa si kuda kwa m'nyumba, ndipo ichi ndicho chachikulu chomwe chakachi chandionetsa. Mu Novembala mitambo ikaphimba, 2 koloko masana kolido yathu yopanda zenera imakhala ili bii, pulogalamu ikudikirabe kuti dzuwa lilowe. Mwana akuchokera kusukulu, chikwama kumsana, n'kumafufuza sitepe ndi phazi. Mu Juni zimatembenuka: dzuwa litalowa kunja kumakhalabe mbee kwa nthawi yoyandikira ola, chifukwa kuno chisisira chimachedwa kutha, osati ngati kwathu komwe mdima umangoti gwa. Ambiri amalangiza kuti uikemo kuti magetsi ayambe mphindi 30 dzuwa lisanalowe. Zimathandiza miyezi ina, koma mphindi zomwezo sizifanana m'nyengo zonse.

Chomwe chakhazikika n'kugwiritsa ntchito zinthu ziwiri pamodzi. Babu la panja limayendera kutsika kwa dzuwa, osati wotchi. Dzuwa likatsika ndi madigiri 6 kunsi kwa chizimezime m'pamene chisisira chimatha, ndiye ine ndinaika pa madigiri 4 kuti munthu aone poboola kiyi bwinobwino. M'kati mwa nyumba amene amalamula ndi sensa yoyeza kuwala. Kukachepera malire amene ndinaika, babu limayaka kaya ndi masana. Pali kamsampha apa: babu likayaka, sensa imaona kuwala kwa babulo n'kuganiza kuti kwacha. Muyenera kuiuza kuti iziyeza kuwala babu lisanayake basi, apo ayi magetsi azingothima ndi kuyaka.

Chimene ndimachikonda kuposa zonse sichikhudzana ndi dzuwa n'komwe. Kuyambira 11 koloko usiku mpaka m'bandakucha, mababu amayaka pang'ono chabe, pa 10 peresenti, ndi kuwala kofiirira (2200K pa muyeso wa mtundu wa kuwala). Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo mashifiti ena ndimafika anthu atagona. Ndikatsegula chitseko kuwala kumandilandira mofatsa, kokwanira kuvula nsapato ndi kukwera masitepe, osawalira pansi pa chitseko cha kuchipinda mpaka kudzutsa mayi a kunyumba. Mwana wathu wamng'ono anasiya kutiitana usiku kuti timuperekeze kuchimbudzi. Akangotsika pabedi n'kufika pakhomo, njira yayera kale. Atati andilande zonse n'kundisiyira chimodzi, ndingasankhe ichi.

Masensa omva kuyenda kwa munthu aja, a mtundu wotchedwa PIR, ali ndi khalidwe lawo lomwe muyenera kulidziwa musanabowole khoma. Amamva kutentha kwa thupi kukamasuntha, choncho munthu akakhala phee m'bafa amayesa kuti watuluka, ndipo magetsi amathima. Amagwiranso bwino munthu wodutsa chopingasa kusiyana ndi wobwera molunjika kumene ayang'ana, motero ya m'kolido ndinaiika m'mbali. Isayang'anizane ndi hita ya pakhoma, chifukwa mpweya wotentha ukayamba kukwera imatha kuyatsa babu popanda munthu. Ya panja ndiye imayatsira amphaka ndi nkhandwe zomwe, ndipo mabatire ake amatha msanga kukazizira.

Vuto lina ndi swichi ya pakhoma. Apongozi anga atabwera kudzacheza kuchokera ku Zomba, ankati akatuluka m'chipinda n'kuthimitsa, monga mmene tonse tinaleredwera. Anandifunsa tsiku lina kuti, "Bambo, nanga magetsiwa mungowasiya osazimitsa?" Ankanena zoona ndithu malinga ndi mmene amadziwira. Kungoti babu lotere ukalidula moto pakhoma silimvanso chilichonse, komanso pa Zigbee mababu ndi amene amapatsirana uthenga, ndiye limodzi likafa masensa akutali amayamba kuchedwa. Ndinaphimba maswichi akale n'kumata mabatani a batire pambali pake. Mayiwo anapeza chodina, ndipo aliyense anakhala pamtendere.

Za ndalama ndisakunamizeni. Babu la LED la mawati 9 silidya magetsi ambiri, ndipo mababu anzeruwa amakokabe pang'ono ngakhale atathima kuti azimvetsera. Pabilu sindinaonepo kusintha koti n'kubweza mtengo wa zidazi. Amene akugula kuti apulumutse ndalama aganize kawiri.

Achibale ena kumudzi andifunsa ngati ndingawatumizire. Ndimawauza kuti poti nthawi yolowera dzuwa kumeneko sisintha kwenikweni, getsi wamba la panja lokhala ndi sensa yakeyake likwanira, popanda kompyuta kapena intaneti. Akafunabe mababu anzeru, ayambe aika kuti magetsi akabwera atazima babu libwerere mmene linalili, chifukwa ambiri amangoyaka ndi mphamvu zonse, ngakhale pakati pa usiku. Kuno chomwe chatsala n'kusintha sensa ya m'bafa, ndiikemo ya mmWave yomwe imazindikira munthu ngakhale atangokhala osasuntha.