Mlimi Amasankha, Chilengedwe Chimasefa

Pitani ku Mitundu nthawi yokolola. Agogo amapatula chimanga chamaso akuluakulu n'kuchipachika pamwamba pa moto kuti chidzakhale mbewu. Akatswiri a kafukufuku wa zaulimi ku Chitedze amachitanso zomwezo, kungoti iwo amayeza ndi kulemba. Apa pali munthu wosankha, ndipo akudziwa chimene akufuna. Charles Darwin, wasayansi wa ku England amene ankaweta nkhunda, anayamba ndi chitsanzo cha oweta ndi alimi m'buku lake la 1859 lofotokoza mmene zamoyo zimasinthira pakapita nthawi.

Chilengedwe chilibe cholinga chotere. Ana a mayi mmodzi safanana. Amene matupi awo akugwirizana ndi malo amapulumuka, amabereka, n'kupatsira ana awo kulimbako. Enawo amatha pang'onopang'ono.

Taonani malungo. Chloroquine ankapha tizirombo tambiri, koma tochepa tolimba tinkatsala n'kuchulukana, mpaka Malawi anasiya mankhwalawa mu 1993. Ambiri amati tizirombo "tinazolowera" mankhwala. Ayi ndithu, palibe kamene kanaphunzira kanthu, mankhwalawo anangosefa ofooka.

Njira ya agogo ndi yachangu, koma imatsata mimba ya munthu. Chimanga cha lero sichingamwaze chokha njere zake popanda dzanja lochitonola.