Frappato, Schiava kapena Grignolino: Kusankha Vinyo Wofiira Wopepuka wa ku Italy

Anthu ambiri akamva za vinyo wofiira wa ku Italy amaganiza za Chianti kapena Barolo, komabe dzikoli lili ndi mphesa zina zosatchuka zotulutsa vinyo wopepuka, wotuwirako m'tambula, amene amakoma akazizira pang'ono. Mitundu itatu imene imasokoneza ogula ndi Frappato, Schiava ndi Grignolino, chifukwa imafanana maonekedwe pomwe m'kamwa ndi yosiyana kwambiri.

Frappato amalimidwa kummwera chakummawa kwa chilumba cha Sicily, makamaka ku Vittoria m'chigawo cha Ragusa, pa dothi lofiira lamchenga. Ngakhale derali ndi lotentha, vinyo wake salemera. Amanunkhira sitiroberi ndi maluwa, ndipo kuwawasa kwake kumatsitsimula. Akasakanizidwa ndi mphesa ya Nero d'Avola amapanga Cerasuolo di Vittoria, amene mu 2005 analandira chizindikiro cha DOCG, chapamwamba koposa m'malamulo a vinyo ku Italy. Wofuna kupepuka kwenikweni asankhe Frappato yekha, monga wopangidwa ndi kampani ya vinyo ya COS kapena ndi Arianna Occhipinti, pakuti Nero d'Avola amalemeretsa vinyo. Kwa ine, uyu ndiye woyenera kuyamba naye, ndipo amayendadi ndi nsomba yootcha, chinthu chimene vinyo wofiira wambiri amalephera.

Schiava ndi wa kumapiri a Alto Adige, kumpoto kwa Italy, kumene olankhula Chijeremani amamutcha Vernatsch. Ndi wofewa kuposa onse, ali ndi kafungo ka amondi, ndipo sauma m'kamwa. Wa ku Lago di Caldaro ndi wopepuka zedi, pamene wa Santa Maddalena, pafupi ndi Bolzano, amalimbako popeza nthawi zambiri amathiramo pang'ono mphesa ina yotchedwa Lagrein. Vuto lake ndi lakuti mphesayi imabereka mochuluka, choncho mlimi akapanda kuchepetsa zipatso vinyo amatuluka wamadzimadzi.

Grignolino wa ku Monferrato ndi Asti, m'chigawo cha Piemonte, ndiye amanyenga maso. Mtundu wake ndi wotumbululuka, koma mphesa yake ili ndi njere zambiri, ndipo njerezo ndi zimene zimachititsa kuti vinyoyu aume m'kamwa ngati nthochi yosapsa bwino, kwinaku akuwawasa mwamphamvu. Womwa popanda chakudya angamude msanga, zomwe n'zomvetsa chisoni, chifukwa akakumana ndi salami (soseji youmitsa) kapena nyama yonona mafuta amaziziritsa ukali wake, ndiye fungo la zipatso zofiira ndi tsabola limamveka bwino.

Onse atatu ndi ofunika kumwa asanakhalitse, ndipo botolo liyambe lakhala m'firiji mpaka lifike pa madigiri 14 kapena 15. Grignolino yekha asazizire kupitirira pamenepo, pakuti kuzizira kumakulitsa kuuma kwake kuja.