Matabuleti olembera kafukufuku wa zaumoyo: mmene alili patatha miyezi 14

Invoisi yokonzetsera matabuleti asanu yafika sabata yatha, ndipo tsiku lomwelo mnzathu wina amene akuyamba kafukufuku wa amayi oyembekezera anafunsa ngati agule a mtundu womwewu. Ndemanga yoyamba tinailemba matabuletiwa ali ndi milungu itatu yokha, ndipo tinawayamikira kwambiri. Pano atha miyezi 14 m'manja mwa olemba mayankho 12, m'zipatala zing'onozing'ono za kumudzi, pa kafukufuku wa kutentha thupi mwa ana osakwana zaka zisanu. Pali zambiri zoti tikonze pa zimene tinanena zija.

Kwa amene simunaione ndemanga ija, awa ndi matabuleti a Android a mainchesi 8, a WiFi yokha, opanda polowetsa simu khadi, otchajira pa micro-USB. Tinagula 12 kwa wogulitsa wina wa mumzinda, pamodzi ndi zikuto za labala. Mayankho timalembera mu ODK Collect, pulogalamu ya pa tabuleti yolembera mafomu; mafomu timawakonza pa kompyuta mu XLSForm, tebulo la mafunso longa la Excel; ndipo zolembedwa zimapita pa seva ya ODK Central, kompyuta imene imazilandira kudzera pa intaneti.

Sikirini imaoneka bwino ngakhale pakhonde masana. Agwapo kangapo koma palibe imene yasweka galasi. Kamera imajambula tsamba la buku la kuchipatala la mwana moti zolemba za adokotala zimawerengeka. Kulemba kopanda netiweki kulibe vuto, fomu imangodikira mpaka tabuleti ikapeze intaneti.

Chimene chatikondweretsa kuposa mmene tinkayembekezera ndi kuphweka kokonza mawu a funso. Fomu yathu inayamba m'Chingerezi, ndipo funso lofunsa ngati mwana anatentha thupi m'masabata awiri apitawa linamasuliridwa kuti "Kodi mwanayu anadwala malungo?" Mawu akuti malungo amanyamula zinthu ziwiri. Kwa mayi wina ndi kutentha thupi kulikonse, kwa wina ndi matenda okhawo amene apezeka mwana atamubaya pachala. Mayi amene mwana wake anatentha usiku wonse, koma poyeza sanamupeze ndi tizilombo, ankayankha kuti ayi, ndipo mafunso onse otsatira ankadumphidwa chifukwa anamangiriridwa pa yankho limenelo. Tinaligawa pawiri: loyamba la kutentha thupi, lachiwiri lofunsa ngati anayezedwa magazi ndi zimene anapeza. Kusintha kotere sikuchitika mwakachetechete. Mafunso amene anavomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, kaya COMREC kaya NHSRC, amayenera kubwereranso komweko. Koma chilolezo chitabwera, ntchito inali yosintha mizere iwiri mu XLSForm, kukweza nambala ya version, ndi kutumiza pa seva. Mmawa wotsatira matabuleti onse 12 anali ndi fomu yatsopano. Akanakhala mapepala, tikanataya makatoni a mafomu osindikiza kale.

N'chimodzimodzi ndi uthenga umene umatuluka wolemba akalakwitsa. Mukasiya lopanda kanthu danga la constraint_message, lolembamo uthengawu mu XLSForm, amangouzidwa kuti yankho lake ndi losaloledwa, ndipo amaimba foni ku ofesi. Mukalembamo kuti "Kulemera kwa mwana kukhale pakati pa makilogalamu 2 ndi 30, muyezeninso", amadziwa chochita pomwepo. Mphindi zimene muthere polemba mauthenga amenewa m'Chichewa chomveka zidzakubwererani kambirimbiri.

Tsopano vuto limene latisautsa, lomwe ndi wotchi.

Batire la matabuletiwa likatheratu mpaka kuzima, tsiku ndi nthawi zimabwerera ku za kufakitale, zaka zitatu m'mbuyo. Foni wamba imadzikonza yokha potenga nthawi ku netiweki ya simu. Awa alibe simu, ndiye amangokonzeka akalumikizidwa ku WiFi ya intaneti, chinthu chimene kumudzi chimatha kutenga masiku anayi. M'miyezi isanu yoyamba sitinazione chifukwa mabatire anali amphamvu. Kenaka timabowo totchajira tinayamba kukhwepa. Wolemba amalumikiza tchaja madzulo, chingwe chimasuntha pang'ono kapena magetsi amathima usiku, mmawa tabuleti ili chizimire. Amaitchaja mphindi 20 pa power bank, imayaka, amayamba ntchito. Palibe amene amayang'ana tsiku pakona ya sikirini pamene amayi ali pamzere ndi ana kumsana.

Zotsatira zake zimalowa paliponse. ODK imatenga nthawi yoyambira ndi yomalizira fomu kuchokera pa wotchi ya tabuleti, ndipo today(), njira imene fomu imadziwira tsiku la lero, nayo imawerenga pomwepo. Pa tsiku lobadwa tinaika lamulo loti lisapitirire lero. Mayi akunena kuti mwana anabadwa mu Malichi chaka chatha, buku la kuchipatala likuvomereza, koma tabuleti ikukana kuti tsikulo silinafike. Olemba ena anaimba foni. Ena, pofuna kuti fomu ipitirire, anabweza chaka chobadwa m'mbuyo mpaka inalola, ndipo mwana wa miyezi 11 analembedwa ndi chaka chobadwa chimene si chake. Sitikuwadzudzula kwambiri, chifukwa palibe pamene tinawalembera chochita zikatero. Choopsa kwambiri chinali pa chilolezo. Pepala la chilolezo, lokhala ndi chidindo cha chala cha mayi ndi siginecha ya mboni, linali ndi tsiku lenileni, pamene fomu ya mu tabuleti inkaonetsa kuti mayiyo anafunsidwa mafunso kafukufuku asanavomerezedwe n'komwe. Malamulo oyendetsera kafukufuku wa zaumoyo, otchedwa Good Clinical Practice, amafuna kuti cholembedwa chilichonse chioneke amene analemba ndi nthawi imene analemba. Woyendera kafukufuku akapeza zotere sangomva kuti wotchi inasokonekera, amafuna umboni wolembedwa.

Tinazindikira chifukwa matabuleti awiri anakana kutumiza mafomu. Wotchi ikakhala m'mbuyo, satifiketi ya chitetezo ya seva imaoneka ngati nthawi yake sinakwane, ndipo kulumikizana kumakanika. Titafufuza tinapeza mafomu oposa 60 okhudzidwa. Tsiku limene seva inalandira fomu ndi lodalirika, koma silithandiza mokwanira poti fomu imatha kufika patapita masiku. Chimene chinatipulumutsa ndi kaundula wa pepala amene namwino amalembamo ana olowa m'kafukufuku tsiku lililonse. Tinayerekeza nambala ya mwana aliyense ndi kaundulayo komanso pepala la chilolezo, fomu ndi fomu, kwa milungu iwiri. Sitinafufute kanthu pa zolembedwa zoyamba. Chokonza chilichonse chinalembedwa padera: chimene chinalipo, chimene chalowa m'malo, chifukwa chake, wokonza ndi tsiku. Pamwamba pake tinalemba kalata yofotokoza vuto lonse n'kuiika mu fayilo ya kafukufuku.

Zimene tikuchita tsopano mukhoza kuziyamba tsiku loyamba. Tsamba loyamba la fomu limaonetsa tsiku limene tabuleti ikuwerenga, ndipo wolemba amatsimikiza kuti ndi lolondola. Taikanso lamulo loti fomu isapitirire ngati today() ili m'mbuyo mwa tsiku limene kafukufuku anayamba, ndi uthenga wakuti "Wotchi ya tabuleti yabwerera m'mbuyo. Musasinthe yankho lililonse. Lumikizani ku hotspot, kenaka tsekulaninso fomu." Mmawa uliwonse woyang'anira amayatsa hotspot ya foni yake mphindi ziwiri, tabuleti iliyonse ili pa nthawi yodzikonza yokha. Pali kabuku kamene amalembamo nambala ya tabuleti, tsiku limene ikuonetsa, mlingo wa batire ndi siginecha. Batire likafika pa 20 peresenti amalumikiza power bank ya 10,000 mAh osadikira. Ndipo matabuleti sakhalanso m'bokosi la njinga yamoto padzuwa, chifukwa mabatire awiri amene anafufuma anatero m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Chenjezo limodzi: mukatseka settings zonse kuti olemba asaseweretse tabuleti, siyani njira yoti woyang'anira akonze wotchi. Ife tinatseka zonse poyamba, ndipo zinawonjezera vuto.

Chiyambire kuchita izi sitinapezenso fomu ya tsiku lolakwika, ndipo mwezi wapitawu tikanakuuzani kuti matabuletiwa ndi abwino ndithu bola muwasamale. Invoisi ija ndi imene yatibweza m'mbuyo.

Pogula, wogulitsa ananena pakamwa kuti waranti ndi ya miyezi 12 pa chilichonse. Tabuleti imodzi itakana kuyaka sabata yoyamba anaisintha mawa lake, ndipo tinamuyamikira pa zimenezo. Koma pa risiti panangolembedwa mawu amodzi oti waranti, popanda kunena zimene ikukhudza. Titamuuza za timabowo totchajira m'mwezi wachisanu ndi chitatu, anayankha kuti tibweretse onse nthawi imodzi akapeza zipangizo. Tinadikira. Zipangizo zitafika, miyezi 12 inali itadutsa, ndipo anawonjezera kuti batire ndi potchajira ndi zinthu zotha ndi ntchito, sizilowa mu waranti. Madandaulo athu oyamba anali a pafoni, ndiye palibe pepala loonetsa kuti tinanena nthawi isanathe. Ndalama imene akufuna pa matabuleti asanu ikuyandikira mtengo wa awiri atsopano, ndipo kotesheni yake ndi ya masiku 7 okha. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ogulitsa zipangizo zochokera kunja ambiri safuna kumanga mtengo kwa nthawi yaitali, pamene bajeti ya kafukufuku inalembedwa kale ndipo sisuntha.

Wogulitsa uja anapemphanso kuti timupatse matabuleti ndi mapasiwedi ake kuti ayese akamaliza. Apa musalole. Muli mayina a amayi, midzi yawo ndi zithunzi za mabuku a kuchipatala, ndipo papepala la chilolezo munalonjeza kusunga chinsinsi. Lamulo la Data Protection Act la 2024 nalonso likukukhudzani. Tumizani mafomu onse pa seva, tsimikizani kuti afika, fufutani zonse ndi factory reset, lembani m'kabuku kuti tabuleti nambala yakuti yatuluka tsiku lakuti, kenaka mupereke.

Kwa mnzathu wa kafukufuku wa amayi oyembekezera tayankha kuti a mtundu uwu asagule, pokhapokha ngati ntchito yake ndi ya miyezi isanu ndi umodzi pamalo pamene pali WiFi tsiku lililonse. Awonjezere ndalama agule olowa simu khadi, otchajira pa USB-C, ndipo pa anthu 12 agule 14. Wogulitsa alembe pa kotesheni kuti waranti ikukhudza batire ndi potchajira, masiku amene adzatenge pokonza, komanso ngati adzabwereketsa tabuleti ina podikira. Dandaulo lililonse lipite pa imelo tsiku lomwelo. Ife tavomera kukonzetsa atatu amene mabatire ake akadali abwino, ndipo awiri ofufuma aja tawachotsa pa ntchito.