Lole yatsopano, giya yachitatu ikutuluka yokha

Lole yanga ya matani 7 ndinaigula yatsopano kwa dila wina wa mu Kafue Road ku Lusaka, kuti ndizinyamulira mtedza ndi soya kuchokera ku Chipata kubwera nazo ku Soweto Market. Pasanathe miyezi itatu, giya yachitatu inayamba kutuluka yokha ndikamakwera mapiri a Manenekera, matumba ali thoo kumbuyo. Amene anayendetsapo pamenepo akudziwa mmene mtima umadumphira.

Ndapita nayo kwa dila kanayi. Kulandira amalandira bwino, tiyi ndi "khalani pansi, bambo". Makaniko wina wachinyamata anandinong'oneza kuti giyabokosi inachoka kufakitale ili ndi vuto kale. Bwana wake akuti sangaisinthe mpaka opanga avomereze, poti ndiwo amalipira za waranti. Opangawo nditawalembera, anandiyankha mizere iwiri yokha: kaonaneni ndi dila wanu.

Nanga ndalama zanga analandira ndani? Chidindo cha pa lisiti ndi cha dila. Za iye ndi fakitale akakangane okha kumeneko. Lolemba ndikukatula dandaulo ku CCPC (bungwe la boma loteteza ogula), mapepala onse a kugalaja ali m'manja. Lole ili chiimire, ngongole yakubanki ikuyendabe.