Gaidi wa ku Deekshabhoomi ku Nagpur, ndampatsa 4 pa 5

Ife ophunzira ku India kuno holide yathayi tinapita ku Nagpur, tinalemba gaidi wina kuti atizungulitse ku Deekshabhoomi, pamalo pomwe Dr B. R. Ambedkar, mtsogoleri womenyera ufulu wa anthu osalidwa ku India, analowa chipembedzo cha Buddha pa 14 October 1956 limodzi ndi anthu masauzande ambirimbiri, ambiri mwa iwo a mtundu wa Mahar omwe ankatengedwa ngati osayenera kukhudzidwa. Abale, bamboyu amaidziwa ntchito. Anatiwerengera malumbiro 22 omwe Ambedkar anawapatsa anthuwo tsiku limenelo, mpaka mnzanga wina misozi inalengeza.

Chomwe chinandisangalatsa kwambiri nchoti sanabise kanthu. Ndinamufunsa kuti nanga mu Buddhism mulibe za kaste, kuja kogawa anthu m'magulu apamwamba ndi apansi potengera komwe abadwira? Iye anati Buddha ankaphunzitsa kuti munthu amalemekezeka ndi zochita zake osati komwe wabadwira, koma anthu ndi anthu basi, ku Sri Lanka gulu la amonke la Siyam Nikaya kwa nthawi yaitali linkadzoza a kaste yapamwamba ya Govigama okha, nchifukwa chake a kaste ya Salagama anakayambitsa gulu lina la amonke la Amarapura Nikaya. Za a chipembedzo cha Jain nawonso anatiuza kuti ali ndi magulu ngati Oswal ndi Khandelwal ndipo nkhani ya ukwati imayendabe motsatira zimenezo m'mabanja ambiri.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa anafika mochedwa ndi ola lathunthu ife tikupsa ndi dzuwa, komanso mkati mwa stupa, chinyumba chopatulika cha a Buddha chomwe chili pamalopo, anatithamangitsa pomwe ine ndimafuna kukhalamo chete pang'ono. Mukapita vulani nsapato pakhomo, ndipo tengani madzi ambiri.